Chala cha Injiniya

Mbale inaphonya khutu la Mwaye pang'ono n'kukaswekera pakhoma, phwa! Msuzi unatsetsereka mpaka pa kalendala. Bambo ake anali ataimirira kale, mpando utagwa chagada kumbuyo kwawo.

"Tabwereza. Makutu angawa anagontha ndi zitsulo, kapena sindinamvetse."

"Ndati sindikalemba, ababa. Mayeso omalizawa achimwene akalembe okha."

Mkulu wakeyo anali pomwepo, supuni ili m'malere, kukamwa kuli yasa. Pakhomopo ankamutcha Injiniya chiyambire tsiku limene dzina lake linatuluka ku yunivesite, ngakhale kuti munthuyo sankatha n'kumanga komwe bawuti ya wilibala. Wamng'onoyu ankamutcha Mwaye chifukwa ankatuluka m'shedi yowotchereramo zitsulo ali bii, mano okha mbee. Bambo ndiwo anagawa zimenezi ana akadali aang'ono: wamkulu wa cholembera, wamng'ono wa nyundo. Mulungu yekha ndiye sanafunsidwe, ndipo mutu wa masamu anakauika pa wa nyundoyo.

Ndiye chaka ndi chaka, nyengo ya mayeso ikakwana, Mwaye ankasamba mpaka khungu kuwawa, kuvala malaya a mkulu wake, kukoloweka chiphaso cha mkulu wake m'khosi n'kukakhala pa desiki ya mkulu wake. Awiriwa anali ofanana nkhope moti oyang'anira mayeso akayang'ana kachithunzi kofwifwa kaja ankangogwedeza mutu. Kalasi yake inali chinamtindi cha anthu, akanadziwa ndani? Injiniya ntchito yake inali kubweretsa mabuku kunyumba ndi kukakondwerera zotsatira ku bala.

Akuluakulu a sukuluyo atatopa ndi anthu olemberana mayeso, anabweretsa makina a zala. Wophunzira aliyense anakadinditsa chala chachikulu pa kagalasi, ndipo pakhomo la holo ya mayeso ukagunditsa chalacho makinawo ankatulutsa dzina lako n'kuyaka zobiriwira. Mabanja ena anagwira njakata, koma bambo ake a Mwaye anaseka mpaka kutsamwa. Tsiku lodinditsa anatuma Mwaye yemweyo ndi chiphaso cha mkulu wake, makina n'kumeza chala cha wamng'ono pa dzina la wamkulu. Kuyambira pamenepo mdalayo akalawa pang'ono ankadziguguda pachifuwa kuti iye, mmisiri wa zitsulo, anapusitsa makina a maprofesa.

Tsopano bambo anatsitsa mawu, ndipo pakhomopo aliyense ankadziwa kuti akatsitsa mawu ndiye kuti zavuta. Anafunsa kuti wamunamiza ndani. Mwaye anafotokoza zonse. Anati anafunsira malo mwakachetechete m'dzina lake lenileni, maphunziro a kumadzulo pa yunivesite yomweyo, ndipo amutenga. Dzulo lake anapita kukalembetsa. Ali pamzere anaona kuti masiku ano akudinditsa zala zazikulu zonse ziwiri, ndipo chala chimene chili kale m'makina amachigwira pomwepo. Anachoka pamzerepo ngati wagwidwa m'mimba. Chimene ankapempha chinali chimodzi: Injiniya apite akanene kuti panasokonekera, afufute chala chakalecho, adinditse chake, alembe yekha. Kalembera wa atsopano adzatsekedwa mayeso akangotha, ndipo akadutsidwa ndiye kuti malowo apita.

"Ndiye ukufuna kukhala injiniya wachiwiri? Nanga nyundo agwire amako?"

"Ndikufuna dzina langa, ababa. Chala changa chikuyendera dzina la eni ake."

Lamba anatuluka m'chiwuno ngati wamoyo. Woyamba anamupeza pakhosi, wachiwiri chitsulo chake chinang'amba pamwamba pa diso. Mwaye anatchinga ndi manja, ndipo apo mpamene bambo anakuwa kuti Injiniya amugwire. Injiniya anamugwira chakumbuyo, mwinanso mokondwa kuti wapatsidwa ntchito imene angaithe. Lamba atawachepera, bambo anatola payipi imene ankatsekera chitseko. Amayi analowa pakati akulira, anakankhidwira pa kabati, makapu n'kugwa. Payipi inagwa m'nthiti, m'ntchafu, pamsana. Injiniya naye, magazi atamutentha, anaponda mng'ono wakeyo pamkono.

"Dzanja lamanja ayi, chitsiru iwe!" anatero bambo, n'kumuwomba khofi Injiniya. "Menya paliponse, koma dzanja lamanja ulisiye. Digiri yako ili pamenepo."

Mwaye ali gone pa simenti, akulavula magazi, anatsala pang'ono kuseka. Panali kanthu kamodzi kamene sanauzepo munthu pakhomopo, poyamba chifukwa palibe anamufunsa, kenako chifukwa kanali kokhako kamene kanali kake. Tsiku lodinditsa lija makina anakana chala chake chamanja. Chinali chitaperepeseka ndi zitsulo ndi moto, mizere yonse itafufutika. Mayi wa pa desiki anachipukuta, anachiuzira mpweya, anayesanso, osatheka. Atatopa anati abweretse chamanzere, ndipo chimenecho makina anachilandira. Digiri ya Injiniya inali ku dzanja lamanzere, limene tsopano linali litatupa ndi payipi ya bambo.

Masabata otsatirawo chala chamanja chija chinasanduka mkwatibwi pakhomopo. Bambo anamva kwa mnzawo wina kuti makina amakana zala za amisiri, ndiye anakhazikitsa malamulo. Mwaye asakhudze makina operera zitsulo, asagwire chitsulo chamoto, asachape ndi sopo waukali. Anamugulira golovesi yachikopa, imodzi yokha, ya kumanja. Ntchito zonse za m'shedi azigwira ndi lamanzere. Amayi analamulidwa kuti m'mawa ndi masana azichidzoza mafuta chalacho, ndipo bambo ankabwera kudzachiyendera, kuchitembenuzira ku dzuwa, kuona ngati mizere ikubwerera. Thupi lonse la mnyamatayo linali mikwingwirima yokhayokha, akatsokomola ankagwira khoma, koma chala chokha chinali see ngati cha wakhanda. Zinali zomvetsa chisoni, komanso zopusa kwabasi.

Amayi ankamudzoza atakhala pa khonde la kuseri, pafupi ndi mpopi. Ankamunyengerera kuti angolemba komalizaka, kenako adzaone zake, poti bambo akewo amawadziwa. Mwaye anawauza kuti palibe kenako. Injiniya akalandira digiri, chalacho chidzakhala chake mpaka kalekale, ndipo iye kulikonse kumene angadzagunditse adzatuluka ndi dzina la mkulu wake, kapena ndi unyolo. Amayi anasiya chala chamanja chija. Anangotenga dzanja lake lamanzere, lija losasamalidwa, n'kuyamba kulisisita ndi mafuta otsala. Anaima pa kachala kakang'ono kamene chikhadabo chake chinamera chopindika.

Chikhadabo chimenecho chinali ntchito ya vayisi. M'shedimo, pa tebulo lachitsulo, munali vayisi yaikulu yopanira mapayipi, ndipo imeneyo ndiyo inali bwalo la milandu la pakhomopo. Mwana akalakwa kwambiri bambo sankataya nthawi ndi mafunso. Ankamulowetsa dzanja m'kamwa mwa vayisi n'kumapukusa pang'onopang'ono mpaka mwanayo apepese. Nthawi zonse linali dzanja lamanzere. Ankati lamanja ndi lodyera ndi kugwirira ntchito, lamanzere ndi lophunzirira mwambo, ndipo ankanyadira kuti iwo salanga mwana mopanda nzeru ngati anthu ena.

Sabata ya mayeso itayandikira, Injiniya anamupeza Mwaye kuseri kwa shedi akusanja zitsulo zakutha. Anabwera ndi botolo m'manja dzuwa lili paliwombo, maso ali psuu. Anayamba bwino, mpaka anamutchula kuti mng'ono wanga. Anati iye akangoona pepala la mayeso m'maso mumachita mdima, zilembo zimayenda ngati nyerere, ndipo zakhala choncho kuyambira ali mwana koma bambo safuna kumva. Anati dzina la Injiniyali limamulemera kuposa geti yachitsulo. Mwaye anamumvera chisoni ndithu, anamuuza kuti apite limodzi akaulule, kapena amuphunzitse masiku otsalawa mwina n'kupezako kena kake.

"Undiphunzitse? Iwe?"

"Nanga amene wakhala akukhoza ndani, achimwene?"

Botolo linamuphulikira pamutu. Injiniya anamugwetsera pa mulu wa zitsulo n'kumukhalira pachifuwa, zibakera zikugwa kumaso, akulira iye mwini womenyayo, mamina ali chuchuchu. Ngakhale mu ukali wonsewo, bondo lake linasamala kuti lisapsinje dzanja la golovesi. Anyamata a pa galaja yoyandikana nayo ndiwo anadzawalekanitsa. Bambo atabwera anayang'ana mutu wotuluka magaziwo pang'ono chabe, anavula golovesi, anaona kuti chala chili bwino, n'kuuza amayi kuti amumange kansalu.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake mayeso, bambo anaitanitsa malaya oyera a Injiniya, ovala pa mayeso, kuti asitidwe. Amayi anaika simbi pa tebulo, anayala malaya, kenako anangoima. Mwaye anali pakhomo la khitchini ndipo anaona msana wa amayi ake ukuwongoka mmene sanauonerepo.

"Bambo ake Injiniya, ine malayawa sindisita. Mwanayu naye ndinamubereka ine, ndipo ndi wanu. Mwamudya mokwanira."

Bambo sanakuwe. Anawagwira tsitsi n'kuwamenyetsa nkhope pa tebulo, kamodzi, kawiri, kenako anatola simbi ija ili yamoto. Mwaye sanadziwe mmene anawolokera chipindacho. Anangomva chibakera chake, cha dzanja la golovesi lomwelo, chikulira pa chibwano cha bambo ake. Simbi inagwa, mdalayo n'kukhala pansi mwadzidzidzi, magazi akutsika pa ndevu. Chibadwire panalibe amene anawakhudzapo.

Bambo anadzuka pang'onopang'ono. Choyamba anafunsa ngati chala chathyoka. Kenako anauza Injiniya kuti atseke geti.

Bambo ndi Injiniya anamukoka Mwaye, wina miyendo wina khosi, kudutsa pabwalo, amayi akukwawa pambuyo pawo milomo itang'ambika. Bambo anawatsekera kunja kwa shedi n'kukoka loko. Mkatimo munkanunkha utsi wa zitsulo ndi oyilo. Injiniya anapanikiza mng'ono wake pa tebulo, dzanja lamanja atalipindira kumsana mosamala ngati dzira, ndipo bambo anamasula vayisi. Anagwira dzanja lamanzere, nalowetsa chala chachikulu pakati pa mano achitsulo. Anati kachala kakang'ono kaja sikanamuphunzitse kanthu, lero ayesa chachikulu.

Chitsulo chinali chozizira. Bambo anapukusa mpaka chinagwira.

"Mawa ukalemba?"

Mawu anali pa lilime penipeni. Akanangoti ababa, chala chimene chili m'makina ndi chimenechi, vayisi ikanamasuka nthawi yomweyo, golovesi n'kusamukira kumanzere, mafuta n'kusamukira kumanzere, mawa n'kukagunditsa, makina n'kuyaka zobiriwira. Ndipo akanakhala Injiniya wa m'makina moyo wake wonse. Anayang'ana chalacho, chakuda, chokhala ndi kachipsera ka moto pambali, chimene chinamulowetsa m'holo muja mobwerezabwereza pa dzina la wina. Anachita mantha kwambiri, mpaka mkodzo unamutsika m'mwendo. Koma analuma mlomo.

"Sindikalemba."

Bambo anapukusa. Ululu unakwera mpaka m'mano. Kunja amayi ankamenya chitseko cha malata ndi mwala, akuitana anthu a pa galaja. Injiniya anati ababa basi, wamva. Bambo anamuuza kuti atseke pakamwa poti zonsezi akuchitira iyeyo. Anafunsanso. Mwaye anapukusa mutu, ndipo pofuna kuti zithe msanga mtima usanamugonje, anawayang'ana m'maso nati:

"Ndinu mmisiri wanji inu, wolephera kumanga vayisi?"

Ha! Mdalayo anagwira mkono wa vayisi ndi manja awiri n'kuugwera ndi thupi lonse. Panamveka kuphwanyika ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Magazi anathovokera pa malaya a Injiniya, iye n'kulumphira kumbuyo akusanza. Mwaye anakuwa kamodzi, mawu amene anthu a pa galaja anati sanali a munthu, kenako miyendo inamuthera, n'kulendewera pa vayisipo.

Bambo anamasula, akupuma ngati ng'ombe yolima. Chimene chinatuluka m'manomo sichinalinso chala. Iwonso nkhope inawagwa pang'ono, koma anadzilimbitsa, nati ameneyo ndi mwambo, ndipo cholembera sagwirira kumanzere. Akamumanga kuchipatala, mawa alowa m'holo ndi dzanja lake lamanja labwinobwino.

Mwaye anakhala pansi atatsamira mwendo wa tebulo, dzanja lophwanyikalo atalifungatira. Ankamva kuzizira thupi lonse. Anavula golovesi ndi mano n'kuilavulira pa mapazi a bambo ake.

"Lamanjali makina salidziwa, ababa. Analikana tsiku lomwe lija, chifukwa cha zitsulo zanuzi. Anatenga lamanzere." Anakweza nyama yofiirayo kuti aione bwino. "Chala cha Injiniya ndi chimenechi. Mwachiphwanya nokha."

Nthawi yomweyo chitseko chinagonja, anthu a pa galaja n'kukhamukira mkati. Anapeza mmisiri wa zitsulo atagwada, akutolera tizidutswa m'mano a vayisi, akufunsa aliyense ngati adokotala sangathe kusoka.

Adokotala sanasoke. Anadula chotsalacho pa mfundo, ndipo namwino wina atafunsa kuti zinatani, amayi ndiwo anayankha, milomo ili yotupa, osabisa kalikonse. Namwinoyo anaitana wapolisi wa pachipatalapo.

Za ku mayeso Mwaye anazimva ali pa bedi, kwa mmodzi wa anyamata a pa galaja amene anaperekeza Injiniya kumeneko. Apolisi asanawapeze, bambo anadzuka m'mamawa n'kumuveka Injiniya malaya oyera osasita aja, kumukokera yekha mpaka pakhomo la holo. Ankati nkhope ndi yake, chiphaso ndi chake, dzina ndi lake, makina angakane bwanji mwini wake? Injiniya anagunditsa chamanja, zinayaka zofiira. Anagunditsa chamanzere, zofiira. Woyang'anira mayeso anamupatula pamzere n'kuitana alonda, akunena mokweza kuti agwira wina wodzalembera mnzake. Injiniya analumbira kuti dzinalo ndi lake chibadwire, anzake ena n'kumuvomereza, koma woyang'anirayo anati ngati dzina ndi lake, afotokoze mwini chala chimene chakhala chikukhoza mayeso. Apo Injiniya anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Bambo anadumpha chingwe n'kumugwira pakhosi mlonda, ndipo alonda anzake anawagwetsa n'kuwapondaponda pamaso pa ophunzira onse. Anachoka pamenepo manja ali kumsana.

Mwaye sanakondwe monga ankayembekezera. Anamulirira mkulu wake, ndipo malo a chala chija ankamupweteka ngati chikadalipo. Ankadziwanso kuti tsiku lina akhoza kudzaitanidwa kuti akafotokoze, ndipo anali atatsimikiza kuti akadzamufunsa sadzanama. Koma kalembera anali asanatsekedwe.

Anatuluka m'chipatala tsiku lotsekera, ndipo amayi anakana kuti apite yekha. Anali atasamukira kwa mchemwali wawo ndi kachikwama kamodzi, koma kabotolo ka mafuta kaja sanakaiwale. Ali pamzere, pa benchi ya m'khonde la ofesi, anamutenga dzanja lamanja n'kudzoza chalacho, kenako n'kuchipukuta ndi nsonga ya mpango kuti chisaterere pa galasi. Mizere inali itabwerera yonse, yozungulira bwinobwino. Bambo anaisamala ndithu.

Pa desiki panali bambo wina wa magalasi, wotopa, amene sankadzutsa n'komwe mutu. Anati chamanja. Mwaye anagunditsa. Makina anaganiza kanthawi, kenako anayaka zobiriwira, malo a dzina ali opanda kanthu.

"Chamanzere."

Mwaye anaika bandeji pa desiki. Wa magalasiyo anadzutsa mutu, anayang'ana bandejiyo, anayang'ana chipsera cha pamwamba pa diso, anayang'ananso milomo ya amayi.

"Ngozi ya kuntchito?"

"Ya pakhomo," anatero amayi.

Munthuyo sanafunsenso. Anadina penapake kusonyeza kuti chalacho palibe, nakoka kiyibodi, n'kufunsa dzina. Mwaye anatsegula pakamwa, ndipo limene linabwera poyamba linali la mkulu wake, poti m'nyumba zimenezi lilime lake linazolowera limenelo. Analimeza. Anayesanso, koma dzina lake silinatuluke, misozi ikugwera pa bandeji, mzere wonse kumbuyo ukudandaula kuti nthawi ikutha.

Amayi ndiwo anawerama pa desikipo n'kulitchula, lonse lathunthu, mmene analitchulira tsiku limene anamubereka. Wa magalasi anawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono kuti asalakwitse kalembedwe, ndipo anabwereza.